Akakufunsani za Mafano, Musathawe

Ana anga, inu amene mwangolandira Ulimbitso ndipo mukupita ku sekondale yogonera komweko kapena ku koleji, tcherani khutu. Kumeneko mukapeza anzanu oloweza mavesi pamtima. Akadzangoona kolona m'khosi mwanu, funso lidzabwera: "Bwanji inu Akatolika mumagwadira mafano?" Akulu anu ambiri anachoka mu Mpingo pa funso lomweli. Yankho linalipo, koma iwo anasiya kuphunzira tsiku lomwe ambuye episkopi anawadzoza mafuta pamphumi. Masamu anapitirira nawo mpaka Fomu 4, katekisimu n'kutsalira ku pulayimale. Nanga munthu wotero ayankha chiyani?

Mnzanuyo adzatsegula Eksodo 20, pamene Mulungu akuletsa kusema mafano n'kumawapembedza. Musakane, lamulo limenelo ndi lathu lomwe. Ingomupemphani avundukule masamba mpaka mutu 25. Mulungu yemweyo akuuza Mose kuti asule akerubi awiri agolide pa chivundikiro cha Bokosi la Chipangano. Ku Numeri 21 akumulamulanso kupanga njoka n'kuipachika pamtengo, kuti olumidwa aziyang'ana n'kuchira. Njoka yamkuwa ija anaisunga kwa mibadwo, mpaka Aisraele anayamba kuifukizira lubani. Apo mfumu Hezekiya anaiphwanya, monga tikuwerenga mu 2 Mafumu 18. Mwaona pamene pali malire? Choletsedwa ndi kuika chinthu pamalo pa Mulungu. Mkanganowu si wadzana ayi. Maepiskopi anaukhalira pansi ku Nicaea m'chaka cha 787, n'kugamula kuti ulemu umene timapereka kwa chithunzi umapita kwa mwini wake, koma kupembedza ndi kwa Mulungu yekha. Nawonso Amayi Maria sitiwapembedza. Timawapempha kuti atipempherere, monga anadandaulira kwa Mwana wawo vinyo atatha pa ukwati wa ku Kana.

Komatu ndinene poyera, nthawi zina otinenawo timawapatsa pokamba ndife tomwe. Kolona ili lende pagalasi la minibasi, yatuwa ndi fumbi, mwini wake chaka chatha osaigwira n'komwe, ati imuteteze ku ngozi. Imeneyo yasanduka chithumwa, ndipo wokudzudzulani pa zotere sakulakwa.

Mafunso ena ndi opepuka. Za kuulula machimo kwa wansembe, werengani Yohane 20:22-23. Akakuuzani kuti Baibulo lanu ndi lachilendo chifukwa lili ndi mabuku 73 pamene lawo lili ndi 66, dziwani kuti Chipangano Chatsopano ndi chimodzimodzi, mabuku 27. Kusiyana kuli pa mabuku asanu ndi awiri a Chipangano Chakale, monga Tobiti, Yuditi ndi Amakabeo, amene Akhristu oyamba ankawerenga m'Chigiriki. Ndipo Buku Loyera la 1998 analimasulira pamodzi Akatolika ndi a mipingo ina. Choncho yankhani mofatsa, mnzanuyo si mdani.

Funso lolemera kwenikweni simudzafunsidwa ndi munthu. Lidzakupezani nokha usiku, digiri ili m'chikwama ntchito osaoneka, amayi ali gone m'chipatala. Mudzadzifunsa ngati Mulungu akumva. Nthawi imeneyo ndi imene aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta amakolola, polonjeza galimoto, banja ndi ulendo wa ku Johannesburg. Mpingo wanu sungakulonjezeni zimenezo, ndipo wokulonjezani mumuope. Kizito wa ku Uganda anali mnyamata wa zaka pafupifupi 14, atangobatizidwa ndi Charles Lwanga masiku ochepa chabe, pamene anamutentha ku Namugongo pa 3 Juni 1886. Ubatizo sunamupulumutse ku moto, iye ankadziwa, komabe sanabwerere m'mbuyo.

Kukayika si tchimo. Tomasi anakayika, koma patapita masiku asanu ndi atatu anali akadali m'nyumba momwemo ndi anzake, ndipo Yesu anamupeza pomwepo. Choopsa ndi kukayika uli wekha, n'kumafunsa TikTok. Safunsa anadya phula.

Mukafika kusukuluko, sabata yoyamba yomweyo funsani kumene a YCS, gulu la ophunzira achikhristu, amakumana. Mukakhala m'tauni, fufuzani mphakati wa dera lanu mukalembetse. Funso likakukanikani, lilembeni papepala, Misa ikatha muwadikire bambo mfumu pakhomo la tchalitchi. Akakhala pachangu, pemphani tsiku loti mukawapeze ku ofesi ya parishi.