Kodi Nkoyenera Kuthyola Mwendo Wabwino?

Abale, pa Feira, pamene Luangwa athira m'Zambezi, msodzi akathyoledwa mwendo ndi mvuu timnyamula kunka naye ku cipatala ca Katondwe, ndipo palibe wofunsa ngati nkoyenera. Koma kumaiko akutali alipo anthu a miyendo yabwinobwino amene alipira madokotala kuti awadule mafupa, cifukwa aipidwa ndi kufupika kwao.

Nzeru imeneyi inacokera kwa Dokotala Gavriil Ilizarov wa ku Kurgan, m'dziko la Russia, m'zaka za m'ma 1950, ndipo iye anaikonzera opunduka. Fupa alidula, nalikoka pang'onopang'ono, milimita 1 pa tsiku, ndipo latsopano limera mumpatamo. Wofuna masentimita 5 adzakokedwa masiku 50, ndipo pamenepo fupa likali losalimba.

Ena ati thupi ndi lace, acite nalo cimene afuna. Ine ndikaika. Masabata oyambawo munthuyo sangathe kuima yekha. Minofu ithina, tulo tisowa. Amsambitsa ndani? Amgwiriziza ndani popita kuseri? Kapena ndi mkazi wace, kapena amai ace okalamba, amene sanadandaulepo za msinkhu wace. Komabe sindingamseke, pakuti ndikumbukira m'mene tinali kunyozera mnzathu wamfupi pasukulu, kufikira analeka kubwera.