Kodi Zotsatira Zabwino Zimatsuka Cholakwa?

Pali mawu ena amene timawakonda tikafuna kutseka nkhani yowawa: "Basi, poti zidatha bwino." Wina adalandidwa chake, wina adatsekeredwa njira, koma popeza pambuyo pake padatuluka chokoma, akuti tiiwale. Kodi zotsatira zabwino zimatsukadi cholakwa? Tiyeni tiliyese funsoli pa moyo wa Christoph Graupner, Mjeremani wopeka nyimbo amene ambiri sitidamumvepo.

Graupner adabadwa mu 1683 ku Kirchberg, m'chigawo cha Saxony, ndipo luso la nyimbo adalisulira ku Leipzig, m'manja mwa Johann Kuhnau. Atagwirako ntchito ku Hamburg, mu 1709 adalembedwa kunyumba ya Ernst Ludwig, mfumu ya dera la Hesse-Darmstadt, ndipo posakhalitsa adakhala mkulu wa oimba a kumeneko.

Kuhnau atamwalira mu 1722, akuluakulu a mzinda wa Leipzig adafuna womulowa m'malo patchalitchi cha St. Thomas. Adayamba ndi Telemann, koma iye adakana atamukwezera malipiro ku Hamburg. Kenaka adasankha Graupner, yemwe mtima wake udali komweko, chifukwa ku Darmstadt malipiro ankachedwa. Komatu masiku amenewo wantchito wa mfumu sankangonyamuka. Ernst Ludwig adakana kumumasula. Adamupatsa ndalama zake zotsalira namuwonjezera malipiro. Mpando uja udagwera Johann Sebastian Bach mu 1723, ndipo Graupner adalembera akuluakulu a Leipzig kalata yomuchitira umboni Bachyo kuti ndi katswiri woyenera ntchitoyo.

Adakhalabe ku Darmstadt, nachita khungu mu 1754, namwalira mu 1760. Adasiya nyimbo za m'tchalitchi zotchedwa cantata zoposa 1,400. Apa ndiye padabuka mlandu wachiwiri. Abale ake ankati mapepalawo ndi chuma chamasiye. A kunyumba yachifumu ankati nyimbo yopekedwa pa malipiro a mfumu ndi ya mfumu. Banja lidagonja. Mapepala adatsekeredwa, osagulitsidwa, osasindikizidwa, dzina la mwini wake n'kumazilala.

Tsono taonani chodabwitsa. Ku Leipzig kuja ndi kumene Bach adapekera St John Passion ndi St Matthew Passion, nyimbo zimene dziko likuimbabe mpaka lero. Nawo mapepala a Graupner, chifukwa chotsekeredwa malo amodzi, adapulumuka pafupifupi onse, pamene a Bach adagawidwa pakati pa olowa chuma, ambiri n'kutayika. Ma cantata ake a m'tchalitchi otsala ndi pafupifupi 200 okha. Lero oimba akuvundukula nyimbo za Graupner m'laibulale ya ku Darmstadt ndi kuzijambula. Ndiye wina anganene kuti mfumu idachita bwino kawiri konse.

Ine ndikukana. Choyamba, Ernst Ludwig sankaganiza za Bach kapena za ife, ankateteza zake. Tiyerekeze kuti mbala yaba thumba la mbewu, usiku womwewo nkhokwe ya mwini wake n'kupsa. Mbewu yapulumuka, inde, koma kodi mbalayo tiipatse nkhuku yothokoza? Mwayi ndi umene wagwira ntchito, osati mtima wa munthuyo. Chachiwiri, wolipira ndi wina, wakudya ndi wina. Adalipira ndi Graupner ndi banja lake. Tikudya ndife, patatha zaka zoposa 250. Sikovuta kukhululuka ngongole imene mwini wake si iwe.

Tisakokomezenso ayi. Graupner sadafe ndi njala. Malipiro adakwera, ana adadya. Ngakhale funso loti nyimbo ndi ya woipeka kapena ya womulemba ntchito likuvutabe oimba ndi makampani lero lino. Chimene adamanidwa chidali chaching'ono pochiona koma cholemera: kusankha yekha kumene akathere mphamvu zake. Ndalama ikhoza kutonthoza munthu wotsekeredwa, koma siisandutsa khomo lotseka kukhala lotsegula.

Akuluakulu adati mlandu suwola. Izi sizitanthauza kuti titaye zipatso. Kuleka kumvera Bach sikungamubwezere kanthu Graupner. Tidye, koma nkhani tiziifotokoza molunjika, cholakwa n'kuchitchula cholakwa, mwayi n'kuutchula mwayi. Tikazisakaniza, mawa aliyense wamphamvu adzapondereza mnzake n'kumati dikirani, mudzaona ubwino wake.

M'nkhani yonseyi muli chinthu chimodzi chokha chimene ubwino wake sudadikire zotsatira: kalata ija. Munthu wamanidwa mpando, m'malo mochita kaduka akunenera zabwino amene akukaukhala, asakudziwa n'komwe kuti Bach adzatchuka chotere. Zochita za mfumu zidafunika zaka mazana ndi mwayi kuti zioneke zokoma. Kalatayo idali yabwino tsiku lomwe idalembedwa.