Wamva M'mimba Ndani?

Kodi munthu amene wakuchitira zabwino osakufunsa, uyenera kumuthokoza kapena kumukayikira? Funsoli limandivuta ndikamaganizira za Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain m'masiku a Mfumukazi Victoria.

Mkuluyu sadapondepo dziko lino, komabe mawu ake ku London adaumba Malawi amene tikukhalamoyu. M'chaka cha 1888, nkhondo ya Mlozi ili mkati ku Karonga, iye adauza nyumba ya malamulo ya House of Lords kuti boma lake silitumiza asilikali kunyanja kuno. Chaka chotsatira, abusa ndi akulu a mpingo a ku Scotland oposa 11,000 adasaina chikalata chomupempha kuti asalole Apwitikizi kutenga dera la mapiri a Shire. Mu Januwale 1890 Salisbury adalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo pofika 1891 tidali pansi pa chimene ankachitcha chitetezo cha Britain.

Ena amati adatipulumutsa, ndipo sindingawatsutse kotheratu. Malonda a akapolo adathadi. Kuno ku Bangwe tili ndi Alomwe ambiri amene makolo awo adawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Pajatu mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Koma tiyeni tichionenso chikalata chija. Pa maina onse aja padalibe la munthu wa kwa Kapeni, kwa Machinjiri kapena kwa Mpama. Mafumu ena adaika zizindikiro pa mapangano olembedwa m'chiyankhulo chimene sankachiwerenga. Kenaka padabwera msonkho wa nyumba, minda yachonde idapita kwa atsamunda, ndipo Alomwe othawa aja adakagwera m'thangata ku Thyolo ndi ku Mulanje. Malire a pa Muloza adasiya mbale tsidya lino, mbale tsidya lija.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ubwino wochitidwa popanda kufunsa mwini umasanduka ngongole, ndipo mtengo wake amautchula ndi wopereka yekha. Wolandirayo sangakane, poti sadafunsidwe. Sangadandaule, poti amutcha wosayamika. Mtima wabwino wa abusa a ku Scotland sudali wabodza, koma mtima wabwino sulowa m'malo mwa makutu.

Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo ndikudziwa kuti cholembera chimafika kumene phazi la mwini wake silidafikeko. Mu ofesi n'kosavuta kujambula mzere pa mapu n'kunena kuti msewu udutsa apa, msika usamukira uko. Atsamunda adapita mu 1964, koma mpando woganizira ena uja udatsala, ndipo lero takhalapo ndife.

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tisanathamangire kumtsekulira mnzathu, tiyambe tamufunsa ngati akufunadi kutuluka, ndi kumene akufuna kupita.