Malangizo a Achinyamata pa Wailesi ndi pa Foni

Pakati pa Achewa, malangizo a mwana wotha msinkhu anali ndi nthawi yake komanso eni ake. Mtsikana akagwa pansi, nkhani inkafika kwa anamkungwi kudzera mwa agogo kapena mayi wina wamkulu, chifukwa mayi womubala sankayankhula naye zotere. Kutsimba ankamuuza za kudzisamalira akakhala kumwezi, zosathira mchere m'ndiwo masiku amenewo poopa mdulo, zosalowanso kuchipinda kwa makolo, ndi zogwada popereka chinthu kwa wamkulu. Mnyamata ankamva zake kudambwe ndi kumphala. Mipingo itakhazikika sinathetse ntchitoyi. Sinodi ya Nkhoma inayambitsa chilangizo, alangizi a mpingo n'kulowa m'malo mwa anamkungwi.

Masiku ano wachinyamata amamvanso malangizo pa wailesi ndi m'mapulogalamu omvera pa foni otchedwa podcast. Chitsanzo chodziwika ndi Zathu pa Wailesi, yomwe bungwe la Girl Effect linayambitsa mu 2017. Inali ndi sewero, nyimbo, ndi Gogo woyankha mafunso a omvera. Apa okonza anaganiza bwino, pakuti mdzukulu amauza agogo zomwe sangayerekeze kutchula pamaso pa bambo ake.

Poyesa pulogalamu yotere, choyamba n'kuona ngati ikunena zoona popanda kuopseza. Malangizo akale ankadalira mantha kwambiri, ndipo m'madera ena ankafika polamula namwali kusasa fumbi, mwambo umene unapweteka ana ambiri. Pulogalamu yabwino imauza mtsikana zomwe ambiri sanauzidwepo: kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko la Malawi amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangakwatiwe, komanso kuti kuyambira 1993 wotenga mimba ali pasukulu amaloledwa kubwerera m'kalasi akachira.

Pomwe wailesi ndi foni zimachepa mphamvu ndi pa nkhani ya phungu. Namwali sankalowa kutsimba yekha. Anali ndi phungu womudziwa, ndipo makolo ankakhala atanena kale zofooka zake, kaya ndi mwano, ulesi kapena kuyendayenda usiku, kotero kuti malangizo ankalunjika pa iyeyo. Akatuluka, mudzi wonse unkaona ngati wamva. Woyankhula mu podcast samudziwa womvera wake. Mawu omwewo amafika kwa mwana wa zaka 11 ndi kwa mnyamata wa zaka 19, pamene mwambo unkasiyanitsa za namwali wongotha msinkhu ndi za mayi wa mimba yoyamba, zomwe zinkadikira chisamba.

Vutoli limakula m'mapulogalamu omwe munthu mmodzi amasinkhasinkha za unyamata wake. Nkhani zotere zimakhudza mtima, ndipo zimathandiza wachinyamata kuzindikira kuti sali yekha. Komabe wokulira m'tauni, amene ankasankha pakati pa maphunziro awiri a kuyunivesite, sangayankhe zonse za mtsikana wakumudzi yemwe makolo ake analephera kumulipirira fizi ya Fomu 1. N'chifukwa chake woyesa pulogalamu amafunsanso ngati ikutumiza womvera kwa munthu woti angakhale naye pansi, kaya mphunzitsi, namwino, mlangizi wa kumpingo kapena atsibweni, ndiponso ngati pali magulu omvera limodzi komwe achinyamata amakambirana zomwe amva, wamkulu ali pomwepo.