MBALE YA PA KHIRISIMASI

Tsiku la Kubadwa kwa Ambuye likayandikira, m'nyumba za Akristu mumamveka funso limodzi: kodi chaka chino banja lidya chiyani? Ana amene adya nsima ya mgaiwa ndi nkhwani chaka chonse adziwa bwino kuti pa 25 Disembala mphika usintha. Amayi asunga mpunga, wa kilombero wochokera ku Karonga ngati ndalama zalola, kapena wa faya wa ku Nkhotakota. Tambala amene wakhala akudzutsa mudzi m'bandakucha amangidwa mwendo, ndipo kwina mabanja asonkherana kuti aphe mbuzi. Thobwa liphikidwa kusanafike tsikulo, kuti chimera chigwire ntchito yake, ndipo pochokera ku Misa pakhala tiyi wamkaka ndi buledi.

Eklezia sadana nazo zimenezi. Alipo ena, okangalika pa chipembedzo, amene ayesa kuti kudya bwino pa tsiku loyera ndi za dziko lapansi chabe, amenewo alakwa. Mulungu mwini ndiye adalamula Aisraele phwando la pabanja, monga zilembedwa m'buku la Eksodo, mutu 12. Usiku wotuluka m'dziko la Ejipito, nyumba iliyonse idayenera kupha mwanawankhosa wamphongo, wa chaka chimodzi, wopanda chilema, ndi kumudya wootcha pamodzi ndi buledi wosatupitsa ndi ndiwo zowawa. Chaka ndi chaka ana ankafunsa tanthauzo la mwambowo, ndipo makolo ankawafotokozera m'mene Mulungu adawapulumutsira. Chakudya chija chidali ngati katekisimu. Chimodzimodzinso mwana wa kuno amene afunsa chifukwa chake lero kuli mpunga ndi nkhuku: watsekulira yekha makolo ake khomo loti amuuze za Mwana wobadwira m'khola ku Betelehemu, mudzi umene dzina lake litanthauza nyumba ya buledi.

Koma m'lamulo lomwelo la Paska muli mfundo ina imene ambiri aidumpha powerenga. Banja likachepa kotero kuti silingathe kumaliza mwanawankhosa, lidayenera kudya pamodzi ndi mnansi wa nyumba yoyandikana nayo. Zaka zambiri pambuyo pake, anthu atabwerako ku ukapolo wa ku Babiloni, adalira misozi pomva Ezara akuwerenga Malamulo ku Yerusalemu. Nehemiya adawaletsa kulira, nawauza kuti apite akadye zonona ndi kumwa zotsekemera, komanso kuti atumizeko gawo kwa amene sadakonze kanthu. Kudya ndi kutumiza zidatuluka pakamwa pamodzi.

Makolo a dziko lino sadawerenge Nehemiya, komabe adaudziwa mwambo wa chidyerano. Nyumba iliyonse inkatulutsa nsima ndi ndiwo zake, amuna nkudyera pamodzi kwaokha, akazi ndi ana kwaokha, kotero kuti mwana wamasiye ankapisa dzanja m'mbale imodzi ndi mwana wa mfumu, ndipo palibe ankafunsa kuti kwanu kwachokera chiyani. Nkhuku ikaphedwa chifukwa cha mlendo, nthutumba inkaikidwa m'mbale yake, kuti adziwe kuti nkhukuyo ndi yake ndithu. Lero nyumba zambiri zili ndi zitseko zolimba ndi mipanda yaitali, ndipo pa tsiku la chikondwerero ndi pamene chitseko chitsekedwa msanga, kuopa ana a eni ake amene angamve fungo.

Tsono Khirisimasi kuno ifika pa nyengo yovuta. Mvula yagwa, anthu ali kalikiliki kupalira, chimanga cham'munda chikali chanthete, ndipo nkhokwe zambiri zayamba kuonetsa pansi. Okalamba a kummwera akumbukira njala ya 1949, ndipo ambiri adaona ndi maso awo ya 2002. Koma ngakhale chaka chabwino, m'mudzi uliwonse simulephera kukhala nyumba imene mwezi wa Disembala idya kamodzi pa tsiku, ndi ufa wopeza pa ganyu. M'nyumba yotere muli mayi wamasiye amene dzulo usiku adagwada pa benchi limodzi ndi anzake pa Misa, nalandira Ambuye omwewo. Masana utsi wonunkhira ukwera kuseri kwa mpanda, iye ali kuuza ana ake kuti akasewere kutali. Paulo Woyera adaona zotere pakati pa Akristu a ku Korinto, kumene wina ankakhuta mpaka kuledzera mnzake ali ndi njala, ndipo adawadzudzula mosabisa mawu kuti akunyoza Eklezia wa Mulungu ndi kuchititsa manyazi osauka.

Kale Mkristu wofuna kulandira Ukaristia ankasala kuyambira pakati pa usiku, osalawa ngakhale madzi. Papa Pius XII adalola madzi mu 1953, nachepetsa kusalako kukhala maola atatu mu 1957, ndipo Papa Paulo VI adakufikitsa pa ola limodzi mu 1964. Lamulo lidafewa, koma dongosolo lake silidasinthe: tebulo la Ambuye liyamba, la kunyumba litsatira. Amene adyera pamodzi pa loyambalo sangakhale alendo pa lachiwiri.

Pali msampha winanso, ndipo ugwira osauka koposa olemera. Bambo achita manyazi kuti ana ake aone anzawo akudya mpunga, ndiye atenga ngongole ya katapila, kapena agulitsa thumba la feteleza limene likadabereketsa munda. Phwando litha tsiku limodzi, koma mwini ngongole afika pakhomo mu Januwale, ndipo mu Febuluwale ana omwe aja alira njala. Za amene atenga ndalama ya nkhuku nkukaithera ku kachasu, nabwera madzulo akutukwana, nkosafunika kunena zambiri. Palibe lamulo la Mulungu kapena la Eklezia lonena za mpunga. Nsima ya ufa woyera ndi nyemba zothira mafuta pang'ono, yodyedwa mwamtendere, ikwana kulemekeza Mwana amene amake adapereka nkhunda ziwiri m'Nyumba ya Mulungu, nsembe ya anthu osauka.

Apa ndipo pali ntchito ya akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati. Nyengo ya Adventi ili ndi Malamulungu anayi, nthawi yokwanira kuti mphakati uwerenge nyumba zimene sizidzasonkha moto wa phwando: okalamba okhala okha, odwala amene alandirira Ukaristia pamphasa, ana olera anzawo. Zimenezi zichitike mwakachetechete, popanda kutchula maina kutchalitchi, pakuti wosauka naye ali ndi ulemu wake. Banja lililonse lotha kupha nkhuku lidziwiretu nyumba imene lidzaikumbuke. Kuitana munthu kuti adzadye nawo kuposa kumutumizira. Koma kumene mwendo kapena manyazi amletsa kubwera, mbale ipite. Ndipo isakhale ya makombo, kapena ya mutu ndi mapazi okhaokha. Amayi aipakule poyamba, mpunga ukali wotentha, aikemo ntchafu, aivundikire bwino, ndipo aitume ndi mwana, kuti nayenso aidziwe njira ya ku nyumba imeneyo.