Nkhumba, Vavu ya Mtima ndi Katemera wa Chimfine

Mtima wa munthu uli ndi mavavu anayi, omwe ndi timinofu totseka ndi kutseguka kuti magazi asabwerere m'mbuyo, ndipo vavu ikawonongeka, monga zimachitikira ana ambiri m'Malawi ndi maiko oyandikana nawo pamene zilonda zapakhosi zobwera ndi bakiteriya sizinachizidwe msanga, madokotala amatha kuichotsa n'kuikapo ina. Vavu yachitsulo, imene Albert Starr ndi Lowell Edwards anaiyambitsa mu 1960, imakhalitsa koma imafuna kuti wodwala azimwa warfarin moyo wake wonse kuti magazi asaundane. Dokotala wa ku France, Alain Carpentier, anakonza njira yoviika vavu ya nkhumba m'mankhwala a glutaraldehyde kuti thupi lisaikane, ngakhale kuti vavu yotereyi imauma n'kutha mphamvu pakapita zaka 10 mpaka 20.

Kwa Msilamu, Myuda kapena wa mpingo wa Seventh-day Adventist, amene chikhulupiriro chake chimati nkhumba ndi yodetsedwa, funso limabuka ngati n'kololedwa kusenza mnofu wake pachifuwa. Aphunzitsi a Chiyuda amayankha kuti lamulo la pa Levitiko 11 likunena za kudya, ndiponso kuti kupulumutsa moyo kumaposa pafupifupi malamulo onse, pamene mashehe ambiri amalola choletsedwa ngati munthu wapanikizika ndipo palibe china chomuthandiza, koma amakonda vavu yochokera ku ng'ombe ngati ilipo.

Povuta kwenikweni ndi pa katemera wa chimfine wopopera m'mphuno, amene dziko la Britain linayamba kupereka kwa ana mu 2013, yemwe ali ndi gelatine wochokera ku nkhumba womuteteza kuti asawonongeke. Wodwala vavu imfa amaiona pafupi, koma mwana wolandira katemera ali bwinobwino, ndipo phindu lake silotsimikizika. Bungwe la WHO limasankhiratu mitundu ya mavairasi yoika m'katemera mu February kaamba ka maiko akumpoto ndi mu September kaamba ka akumwera, koma vairasi imapitiriza kusintha maonekedwe pamene katemera akupangidwa. Bungwe la CDC ku America limati kusankhako kukalondola, katemera amachepetsa mwayi wodwala ndi 40 mpaka 60 pa 100 alionse, pamene m'nyengo ya 2014 mpaka 2015 anangofika pa 19. Kodi thandizo lokayikitsa chotero lingatchedwe kupanikizika kumene kumamasula lamulo?

Kuganiza kuti kupanikizika kumayamba pokhapokha imfa ikafika pakhomo pa mwini wake n'kuchepetsa udindo wa munthu, pakuti ana ndiwo amafalitsa kwambiri chimfine, ndipo amene amavutika nacho koposa ndi agogo, amayi oyembekezera ndi odwala mtima, kuphatikizapo omwe aja anaikidwa mavavu. Moyo wopulumuka chifukwa mwana sanadwale sudziwika dzina, komabe ndi moyo ndithu, ndipo chipembedzo chimene chimalamula kusamala mnansi sichingauchotse pa muyeso chifukwa choti ukuoneka m'ziwerengero zokha. Ngakhale zili choncho, chikumbumtima cha makolo sichiyenera kuponderezedwa pamene njira ina ilipo, ndiye chifukwa chake a zaumoyo ku Britain anachita bwino kulola kuti ana a mabanja okana gelatine azilandira katemera wobaya wopanda chochokera ku nkhumba, ngakhale iwo amaona kuti wopopera ndiye amateteza ana bwino koposa.