Ana Achoka, Chipinda Chatsala

Mawu otitsogolera: 2 Mafumu 4:8-17



Ambiri a ife mphika waukulu wa nsima tinausiya kalekale. Tinkaphikira anthu asanu ndi atatu, lero tikuphikira awiri, ena a ife mmodzi yekha. Ana anakula. Wina ali pabanja, wina akugwira ntchito kutauni, wina anapita ku Joni ndipo timangomumvera pa foni. Izi ndi zimene tinkapempherera, komabe dzuwa likalowa nyumba ili zii, mtima umawawa.

Ndikufunseni amayi: m'chipinda chimene ankagona ana aja muli chiyani lero? M'changa munali matumba akale a feteleza, njinga yakufa ndi makope odyedwa ndi chiswe. Ndinkachitseka ndi loko n'kumati ana adzagonamo pa Khirisimasi. Chaka chonse ogonamo anali makoswe.

M'mawu athu a lero tikumva za mayi wa ku Sunemu. Anali ndi chuma, koma analibe mwana, ndipo mwamuna wake anali wokalamba. Nyumba yake inali ya zii ngati zathuzi. Mneneri Elisa ankadutsa kawirikawiri m'mudzimo, ndipo mayiyu ankamuitana kuti adye. Kenaka anaona kuti chakudya chokha sichikukwanira, mlendoyo akusowanso pogona. Anakambirana ndi mwamuna wake, namanga kachipinda pamwamba pa nyumba. Anaikamo zinthu zinayi zokha: bedi, tebulo, mpando ndi nyale. Sanakonze nyumba kuti anthu amutame. Anaikonza chifukwa anaona munthu wosowa malo.

Ife mwayi tili nawo, pakuti chipinda chilipo kale. Changotsala ndi kuchikonza.

Choyamba, yambani ndi denga. Nyumba imafera kudenga. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe, itanani mmisiri akwere aone malata obooka, misomali yozuka ndi mitengo imene chiswe chalowa. Ngati denga ndi la udzu, folerani mwatsopano ndipo yalani pulasitiki pansi pa udzuwo. Kupaka penti khoma pamene denga likudontha ndi kutaya ndalama.

Chachiwiri, tulutsani katundu yense. Zovala zimene ana anasiya, afunseni, ndipo akavomera perekani kwa ana amasiye a mumpingo mwanu. Matani ming'alu, zirani pansi ngati palibe simenti, pakani laimu kuti chipinda chiwale. Windo lizitseguka kuti mphepo izilowa. Kenaka ikani zinthu zinayi za mayi wa ku Sunemu zija. Bedi akhale ndi neti yoteteza ku udzudzu. Nyale ikhale ya sola ngati mungathe, chifukwa kandulo ndi koloboyi zatentha nyumba zambiri.

Chachitatu, konzaninso nyumbayo chifukwa cha inu eni ake. Maondo athu sali ngati kale. Sitepe yapakhonde ngati ndi yaitali, onjezerani ina yaifupi. M'bafa ndi m'chimbudzi mangani chitsulo kapena mtengo wolimba wogwirira. Njira yopita kuchimbudzi isalazidwe, ndipo usiku musayende opanda tochi. Munthu wachikulire akagwa amatha kuthyoka fupa la m'chiuno n'kukhala chigonere miyezi yambiri, pamene ana omusamala ali kutali. M'khitchini, chitetezo mbaula chimadya nkhuni zochepa ndipo utsi wake ndi wochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Kudzisamala si kudzikonda, amayi. Thupi ili ndi la Ambuye.

Tsono chipinda chakonzedwa, agonemo ndani? Elisa wanu ali pafupi. Alipo mtsikana wa kusekondale yoyendera amene kwawo ndi kutali, ndipo akuchita lendi kachipinda kopanda loko pafupi ndi malo omwera mowa. Tonse tikudziwa chimene chimawachitikira ana otere. Alipo mayi wochokera kumudzi amene akudikirira wodwala kuchipatala, akugona pasimenti. Alipo mphunzitsi kapena namwino watsopano amene sanapeze nyumba. Alipo mayi wamasiye amene achibale a malemu amulanda zonse. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ngati simungathe kusunga munthu, chipindacho chingathe kukhala malo opemphereramo, ophunziriramo Baibulo kapena osokeramo. Tisaiwale kuti bungwe lathu la Mothers' Union linabadwira m'nyumba. M'chaka cha 1876, mayi Mary Sumner, mkazi wa wansembe ku Old Alresford m'dziko la England, anali atangokhala agogo. Poona mwana wawo wamkazi ali ndi khanda, anakumbukira mmene iwo anavutikira pa uchembere wawo woyamba, ndipo anaitana amayi a m'parishimo kunyumba kwawo. Ntchito imene tikuinyadira leroyi inayamba ndi mayi amene ana ake anali atakula.

Ndikuchenjezeni pa zinthu zitatu. Musachite izi mobisira abambo. Mayi wa ku Sunemu anayamba wakambirana ndi mwamuna wake, ndipo anamanga limodzi. Mabanja ena, ana atachoka, bambo ndi mayi amapezeka kuti alibe nkhani yokambirana. Ntchito yokonza nyumba ingathe kukubwezeretsani pamodzi. Auzeninso ana anu, asadzadabwe pobwera kutchuthi. Musatenge katapila pofuna kupikisana ndi nyumba ya mnzanu: konzani pang'onopang'ono, lata limodzi mwezi uno, thumba la laimu mwezi wamawa. Ndipo mwana amene mwamulandira asasanduke wantchito wosalipidwa. Adye chimene mukudya, apeze nthawi yowerenga, ndipo akhale wotetezedwa kwa aliyense wa m'nyumbamo. Makolo ake ndi abambo wansembe adziwe kumene ali.

Mayi wa ku Sunemu sanapemphe malipiro, koma Mulungu anamupatsa mwana wamwamuna. Nkhani yake sinathere pomwepo. Mukawerenge 2 Mafumu 8:1-6. Atathawa njala kwa zaka 7, anabwerera n'kupita kwa mfumu kukadandaulira nyumba ndi munda wake. Anafika nthawi yomwe Gehazi, mtumiki wa Elisa, ankafotokozera mfumuyo nkhani ya mwana wake, ndipo mfumu inalamula kuti zake zonse zibwezedwe. Kachipinda kamene anapereka ndi kamene kanamubwezera nyumba yonse. Zoonadi kupatsa n'kuika.

Mukafika kunyumba lero, tengani kiyi, tsegulani chipinda chija, imani pakhomo ndi kufunsa Ambuye kuti akufuna mugone ndani.

Tipemphere. Atate wakumwamba, tikuyamikani chifukwa cha ana amene munatibwereka. Asungeni kulikonse kumene ali. Tonthozani amayi amene atsala okha, ndipo tsegulani maso athu kuti tione mlendo amene mwamutuma pakhomo pathu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.